Kutukula na kusendeza zinthu zolemera na mgwala, nkhani yonse yagona pa mtsamiro

Mwezi wa June chaka chatha amalume anga kumudzi kwathu njira ya ku Chadiza anagula injini ya chigayo, yakale koma ikali yamphamvu, ndiye Canter inabwera nayo kuchoka mtauni nkuitsitsa pabwalo chabe poti kushedi kunali kothina motoka sikanafika. Kuchoka pomwe inatsitsidwa kukafika pa simenti yomwe anakonzeratu panali mamita ngati 12 basi. Tinasonkhana amuna 7, ena kugwira uku ena uku, tiyeni tiyeni, injini inangotukuka pang'ono mbali imodzi nkubwerera pansi, wina wayamba kale kugwira msana. Paja amati mutu umodzi susenza denga, ni zoona, koma tsiku lija mitu inalipo yambiri, chomwe chinasowa ni pogwira, injini ilibe malo oti manja 14 nkukwanapo.

Anatithandiza ni agogo ena oyandikana nafe omwe pa unyamata wawo anasewenzako ku migodi ku Copperbelt. Anangoti "ana inu lekani, mudzaphana, bweretsani mgwala, mapaipi anayi na zipika." Anthu atatu chabe, iwo akulamula ali chikhalire pa mpando, dzuwa lisanapendeke injini inali pamalo pake. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala nikusewenzetsa njira yomweyi pa miyala, pa thanki, pa chikochikala chotitimira, ndiye ndati nilembe bwino bwino momwe zimayendera poti ambiri mgwala tili nawo panyumba koma timaudziwa ngati chokumbira mayenje a mipanda basi.

Choyamba mumvetse mtsamiro. Agogo aja ndiye amautchula choncho, kachipika kapena mwala womwe mgwala umagonapo mukamatukula, ngati momwe mutu umagonera pa pilo. Mgwala ukagona pa mtsamiro umagawika pawiri, mbali yaifupi yolowa pansi pa katundu na mbali yaitali yomwe inu mwagwira. Mbali yaitali ikaposa yaifupi kasanu, mphamvu yanu nayo ichuluka kasanu. Basi lamulo ni lomweli, ndipo si lalero, Archimedes katswiri wa masamu wa ku Syracuse uja anamwalira chaka cha 212 Yesu asanabadwe analilemba kale.

Tiyeni tiike manambala kuti zioneke. Mgwala wanu ni wa masentimita 180. Mwaika mtsamiro masentimita 30 kuchoka kunsonga, kwa inu kwatsala 150, ndiye 150 kugawa na 30 ni 5. Mukakanikiza na mphamvu ya makilo 40, yomwe munthu wamkulu aliyense akwanitsa pongotsamira na thupi, kunsonga kukutuluka makilo 200. Manje sendezani mtsamiro uja ufike pa masentimita 15, kwa inu kwatsala 165, kugawa na 15 ni 11, makilo 40 omwe aja asanduka 440, pafupifupi matumba 9 a simenti. Mgwala womwewo, munthu yemweyo, mwangosuntha kachipika kutalika kwa chikhatho chimodzi. Nchifukwa chake nimati chinthu chikakana kutukuka musathamangire kuitana anthu ena kuti adzalendewere pa mgwala, yambani mwasendeza mtsamiro pafupi na katundu.

Koma pali malipiro ake. Mtsamiro ukayandikira, katundu amakwera pang'ono chabe. Pa 11 paja manja anu akatsika masentimita 55 katundu wakwera 5 basi, pomwe pa 5 paja akanakwera 11. Ndiye nzeru yake ni yakuti poyamba, chinthu chikali chomatirira pansi, mtsamiro ukhale pafupi maningi, chikangolekana na nthaka mwaikapo thabwa, mutha kubweza mtsamiro kumbuyo pang'ono kapena kuukweza kuti muzitukula msanga. China chomwe anthu amaiwala, mukamatukula mbali imodzi mbali inayo ikali pansi, simukunyamula kulemera konse ayi, mukunyamula pafupifupi theka. Injini ya makilo 400 kumbali imodzi ni ngati 200, kupatula kuti mbali ya fulaiwilo, chiwilo cholemera chija cha injini, imalemerako kuposa inzake.

Za zida zake manje. Mgwala wamba wa chitsulo cholimba, wosongoka uku wophwaphwatika uku, ndiwo woyambira, ndipo ngati mukugula funsani wautali, woyambira mita imodzi na theka kupita kumwamba, ma hardware a ku Down Shops kuno ku Chipata mukazungulire muyerekeze. Ena amasulitsa kuchokera ku shafiti ya motoka yakufa, chitsulo chake nchabwino kwambiri koma nthawi zambiri imafupika. Chomwe sinikufuna kuti muyese ni chitsulo chomangira nyumba chija cha Y12 olo Y16, chimapindika ngati bango, chimodzimodzi paipi yamadzi yopyapyala, imagonja mwadzidzidzi katundu ali m'mwamba. Mtengo ulibe vuto ngati ni woongoka, wonenepa ngati mwendo wa munthu wamkulu, wopanda mfundo pakati komanso wosafumbwa. Muwanga ndiwo wolimba ngakhale umalemera, bulugamu naye amagwira ntchito, wa mamita atatu umatukula zinthu zoti simungakhulupirire. Ubwino wa mtengo umalira usanathyoke, ukayamba kuti phwe phwe tsitsani katundu.

Ndiye pali migwala yamakono yosinthika yomwe muona pa Facebook na m'mashopu a zida ku Lusaka. Ina ili na mutu wozungulira, mumadina kabatani mutu nkupindika momwe mufunira nkukhoma pa mano ake, iyi ni yabwino pamalo pothina, mwachitsanzo makina ali pafupi na khoma mgwala woongoka ukusowa kogonera. Ina imatalika nkufupika ngati eriyo ya wailesi, mumaikhoma na kapini. Zonse ziwiri nimazikonda koma mudziwe kuti pomwe pali polumikiza ndiye pofooka, yotalikitsa ija mukaikoka mpaka kumapeto mphamvu yanu ichuluka inde koma chitsulo nacho chikuvutika kwambiri pa joini, ndiye musalumphirepo, ndipo muonetsetse kuti pini yalowa mpaka kuti khethe musanayambe. Palinso wina wautali wokhala na timawilo tiwiri pafupi na nsonga, timawiloto ndiye mtsamiro wake, mumalowetsa lilime lake pansi pa bokosi kapena makina, kukanikiza, nkukankha pomwepo. Pa simenti yosalala monga m'sitolo olo mu depoti ni wabwino zedi, pa dothi la kumudzi timawilo timangotitimira.

Ine chomwe nasewenzetsa kwambiri ni mtsamiro wopangitsa kwa owotcherera, ndipo aliyense wa ku Kapata olo ku Katete wodziwa ntchito yake atha kukupangirani. Pansi mbale ya chitsulo yokhuthala yotambalala ngati mbale ya nsima, pamwamba pake zitsulo ziwiri zoimirira moyang'anana, mpata wake woti mgwala ulowe pakati, ndiye aboole mabowo oyang'anana kukwera m'mwamba, kusiyana masentimita 5 kapena 6. M'mabowomo mumapisa bawuti yonenepa, ngati pini yokokera ngolo ya thirakitala, mgwala nkugona pa bawutiyo. Katundu akakwera, mwachirikiza, mwasolola bawuti nkuikweza bowo lotsatira, simukuvutikanso kusanja zipika za mtsamiro zomwe zimagwedera. Pa bawutipo kulungani kachidutswa ka tayala yakale chifukwa chitsulo pa chitsulo chimaterera moopsa. Ndipo musalole kuti awotcherere timano pa mgwala weniweniwo, chitsulo cholimbitsidwa chikapsa na moto wa welding chimatha kudzathyokera pomwepo tsiku lina.

Jeke yaitali ya mabowo ija muona itamangidwa kumbuyo kwa ma Land Cruiser opita ku Mfuwe nayo ni mtundu womwewu, chogwirira chake ni mgwala, mapini awiri amakwera bowo na bowo. Imatukula kwambiri, imazula na zitsa zomwe, koma potsitsa chogwirira chimatha kubwerera m'mwamba mwamphamvu mukachitaya, ndiye mutu wanu usakhale pamwamba pake olo pang'ono, gwirani na manja awiri muli chammbali.

Tsopano katukulidwe kake. Musanakhudze chilichonse chepetsani kulemera, thanki ya malita 1000 ikakhala yodzaza madzi okhawo ni makilo 1000, dilamu ya 210 ni makilo 210 osawerengera chitsulo chake, khuthulani. Injini chotsani madzi na dizilo, chomasuka masulani. Kenako yendani njira yonse yomwe katundu adzadutse, pimani khomo, chotsani miyala, onani potsetsereka. Sonkhanitsani zipika na matabwa ambiri kuposa momwe mukuganizira, okhuthala mosiyanasiyana, ena opyapyala ngati chala ena ngati njerwa, akhale pafupi poti wochirikiza angotambasula dzanja.

Pansi pa mtsamiro yalani thabwa lotambalala, makamaka nthawi ya mvula kapena pa dothi la kudambo, apo ayi m'malo moti katundu akwere mtsamiro ndiwo uzilowa pansi. Nsonga ya mgwala ilowe pamalo olimba, pa felemu ya makina, osati pa sampu ya oilo, pa paipi kapena pa kabati yopyapyala. Ngati palibe mpata wolowetsa nsonga kumbani pang'ono na khasu, pa simenti khomani kathabwa kosongoka ngati nkhwangwa kuti patseguke.

Apa ndiye pamene nifuna mumve bwino. Tukulani pang'ono, chirikizani, tukulani pang'ono, chirikizani. Wina ali pa mgwala, wina ali na matabwa, katundu akakwera masentimita 3 kapena 5 thabwa lilowe, wa mgwala atsitse pang'onopang'ono katundu akhale pa thabwa, ndiye mupite mbali inayo mukachite chimodzimodzi. Osakweza mbali imodzi yokha mpaka m'mwamba, chinthu chachitali ngati filiji, jenereta yaikulu kapena chigayo chenicheni chimapendeka nkugwa musanaphethire. Zipika mukamasanja zopingasa, ziwiri chakuno ziwiri chakuko ngati momwe tisanjira nkhuni, zimakhazikika kuposa kungounjika chimodzi pamwamba pa chinzake.

Ndipo thabwa muzilikankha na kamtengo, dzanja lisalowe pansi pa katundu yemwe wangogwiridwa na mgwala. Izi nikunena na mtima wowawa chifukwa msuweni wanga chala chake chapakati sichipindika mpaka lero. Timatukula mwala pa pulotti yake, mtsamiro tinaika buloko ya simenti poti ndiyo inali pafupi, iye analowetsa dzanja kuti akonze kamwala kochirikiza, buloko inangoti phwa kuphwanyika, mwala nkutsika. Tinathamanga naye kuchipatala koma fupa linali litaphwanyika kale. Ine ndi amene ninali pa mgwala ndipo ninaona buloko ija nisanayambe, ninadziwa kuti si yabwino koma ninati ni kanthawi kochepa. Buloko na njerwa sizichenjeza, zimangosweka, mtsamiro ukhale mtengo wolimba, chitsulo kapena mwala weniweni wophwaphwatika.

Wa pa mgwala naye adzisamale. Imani chammbali, mgwala usakhale pakati pa miyendo, chibwano chisakhale pamwamba pake, chifukwa nsonga ikapulumuka mgwala umagwa na inu pamodzi, ndipo katundu akatsika mwadzidzidzi umakwapula m'mwamba. Kanikizani na kulemera kwa thupi manja ali oongoka, osati modzidzimutsa. Mapatapata ayi, valani nsapato zotseka olo majombo. Wolamula akhale mmodzi, akati tsitsa onse amve, ndipo ana apite kutali, paja ana akaona chinthu chachilendo amabwera mpaka kumapazi.

Katundu akakwera poti paipi nkulowa, yafika nthawi yoyendetsa. Mapaipi akhale a saizi imodzi, achitsulo chokhuthala, a mainchesi awiri amachita bwino, mapaipi atatu ni ochepetsetsa koma anayi ndiye mtendere, ndipo atalike kuposa m'lifupi mwa katundu. Pa dothi yalani matabwa awiri ngati njanji kuti mapaipi aziyenda pamwamba pake. Ngati pansi pa makina pali miyendo kapena mabawuti otuluka, yambani mwawakhazika pa matabwa awiri okhuthala ngati chileyi, mapaipi azigubuduka pansi pa chileyicho. Mitengo yozungulira nayo imagwira ngati mapaipi palibe, bola ikhale yofanana kunenepa.

Pokankha simufunika mtsamiro. Zikani nsonga ya mgwala pansi kumbuyo kwa katundu, mgwala utsamire pa felemu, ndiye kankhirani kutsogolo, katundu amasenda masentimita angapo, mwazikanso, mwakankhanso. Apa nthaka ndiyo yasanduka mtsamiro, monga wilibala momwe wilo lili kutsogolo katundu pakati inu kumbuyo. Mudzaona kuti katundu amathamanga kuposa mapaipi, paipi ikayenda mita imodzi katundu wayenda awiri, ndiye paipi yakumbuyo imatuluka msanga, wina akhale tcheru kuitola nkukaiika kutsogolo, ndipo aziigwira kumapeto zala zili pamwamba osati kuzungulira pansi. Nthawi zonse mapaipi awiri akhale pansi pa katundu. Pofuna kukhota musalimbane na katundu, ingopendeketsani paipi yakutsogolo kuti izigubudukira komwe mufuna kupita, muigogode na hamala kumapeto, katundu amatsata yekha.

Potsetsereka ndiye posafuna masewera, ndipo kuno ku Chipata na mapiri athuwa mapulotti ambiri ni otsetsereka, amene amanga chakumunsi kwa Kanjala adziwa. Chinthu cha makilo 400 chikakhala pa mapaipi mwana atha kuchikankha, kutanthauza kuti chikayamba kutsika chokha palibe angachigwire na manja. Mangani chingwe cholimba kumbuyo, muchizungulize kawiri pa mtengo kapena pa chitsa, wina azimasula pang'onopang'ono, wina aziyenda chammbali na kathabwa kosongoka kotsekera paipi. Kumunsi kwa katundu kusaime munthu. Mukafuna kupuma tsekani mapaipi mbali zonse musanachoke.

Miyala ili na khalidwe lake. Imalemera kuposa momwe imaonekera, mwala wolimba wa m'phiri wotalika theka la mita mbali zonse umapitirira makilo 300, ndiye musaupeputse poti ukuoneka waung'ono. Kumbani mozungulira kaye muone pomwe wathera, nthawi zina chomwe chikuoneka pamwamba ni mphuno chabe. Mukautukula ponyani timiyala na dothi pansi pake, tukulani mbali ina ponyaninso, mwala umakwera wokha wokha mpaka kufika pa levulo ya nthaka ndiye nkuugubuduza. Migwala iwiri imathandizana bwino apa, wina agwira wina alowa mozama. Pansi pa miyala pamakhala zinkhanira na njoka, china chomwe dzanja lisalowereko.

Chikochikala kapena motoka yaing'ono ikatitimira m'matope a January, mtengo wautali na chipika zimachotsa. Tsitsani katundu, masulani ng'ombe, mtengo ulowe pansi pa ekiselo pafupi na wilo lomwe lamira, osati pa bodi ya motoka poti mudzaipinda, tukulani, ena aponye miyala na nthambi pansi pa wilo, tsitsani, bwerezani mpaka wilo lifike pamwamba. Koma munthu asalowe pansi pa motoka yomwe yagwiridwa na mtengo, olo kungosuzumira.

Nibwerere ku injini ya amalume, poti kutsitsa ndiko kunatitengera nthawi kuposa kuyendetsa. Pa simenti panali mabawuti anayi oimirira oti alowe m'mabowo a felemu, ndiye tinafika nayo ili pamwamba pa mabawutiwo, yokwera pa matabwa osanja. Tinatukula mbali imodzi nkuchotsa mapaipi tikuika zipika, mbali inayo chimodzimodzi, kenako nkuyamba kuchotsa thabwa limodzi limodzi, uku limodzi uko limodzi, opyapyala aja ndiye anagwira ntchito kumapeto. Itatsala pang'ono kukhudza mabawuti tinaona kuti mabowo aphonya na theka la chala, anyamata anafuna kuikankha na mapewa, agogo anakaniza, anati nsonga ya mgwala izikidwe pa kathabwa pambali pa felemu nkungoigwedeza pang'ono ngati mukupalasa bwato. Kawiri chabe mabowo analunjika. Pa mabawuti anatiuza tivalike tizidutswa ta hosipaipi kuti mazinga asaphwanyike felemu ikamatsika, tinachotsa titamaliza, manati onse anayi analowa na dzanja.